Galu akayamba kuthothoka ubweya: zomwe ndinaona pa agalu athu ku Chelstone

Ku Lusaka kuno galu akangoyamba kuthothoka ubweya, aliyense wodutsa pageti amasanduka dokotala. Uyu akuti ndi mphere, uyo akuti mumam'patsa ndiwo za mchere wambiri, winanso akuti mwam'sambitsa ndi sopo wochapira, koma onse amakathera pa mankhwala amodzi: oyilo wakuda wokhutulidwa mu injini. Pakhomo pathu ku Chelstone agalu atatu anathothokapo ubweya pa nthawi zosiyana, ndipo aliyense anali ndi vuto lakelake. Mmodzi anafunika mankhwala amphamvu, wina anangofunika chakudya chokwanira, wachitatu anachira yekha. Poyang'ana ndi maso chabe, onsewo tikanangoti ndi mphere.

Woyamba anali Bingo, galu wachikuda wa ubweya waufupi wofiirira. Zake zinayamba mu October, dzuwa likuswa mtengo. Chimene chinayamba si dazi ayi, koma kukanda. Ankakanda akudya, kukanda akuyenda, mpaka kulekeza kuuwa pakati kuti akande kaye. Usiku mwendo wake unkagunda malata a khola mpaka mbandakucha. Kenako m'mphepete mwa makutu munauma, munachita nkhanambo zotuwa, ubweya n'kumachoka. Zinatsikira pa zigongono, pa mfundo za miyendo yakumbuyo, ndi kumimba komwe kunatuluka tizilonda tofiira. Msana wonse unali bwinobwino, wonyezimira. Kudya ankadya ndithu, koma nthiti zinayamba kuwerengeka, poti galu wosagona sanenepa.

Chimene chinatidzidzimutsa ndi mwana wathu wachitsiriza, amene amakonda kum'kumbatira galuyo. Anatuluka tiziphuphu tofiira m'mikono ndi pamimba, toyabwa kwambiri usiku. Masiku amenewo amalume anga a ku Katete anali kwathu. Atam'yang'ana Bingo anati, "Mphwanga, usavutike ndi galu. Pita pa garaji apo akupatse oyilo wakutha, um'pake thupi lonse. Kumudzi timatero, ubweya umamera." Ndinati, "Ndamva amalume, koma ndiloleni ndiyambe ndakamuonetsa kwa adokotala, poti mdzukulu wanuyu nayenso wayamba kuyabwa." Nkhani ya mwanayo ndi imene inawafewetsa.

Chifukwa changa chenicheni chinali china. Tikukhala ku Kaunda Square ndinaonapo galu wa aneba atapakidwa oyilo. Anam'paka m'mawa n'kum'siya pabwalo. Pofika madzulo anali akusanza, malovu ali chuchuchu, akuyenda modzandira, chifukwa chilichonse chimene mwam'paka galu amachinyambita. Khungu lomwe linali kale ndi zilonda linatupa n'kuyamba kusupuka. Anapulumuka, koma pamsana panatsala chipsera pomwe ubweya sunamerenso. Oyilo amene wagwira kale ntchito amakhala ndi zitsulo zapoizoni ndi zotsalira za mafuta opsa, zimene zimalowa m'thupi kudzera m'kamwa ndi pa zilonda. Palafini, dizilo ndi mankhwala akuda aja otsukira m'chimbudzi nazonso zimawotcha khungu.

Langizo lina limene limamveka lanzeru ndi la dibi ya ng'ombe. Ambiri a ife tili ndi achibale oweta ng'ombe ku Chongwe kapena ku Chisamba, ndipo m'mashopu a mankhwala a ziweto m'tauni botolo la amitraz silisowa. Ndi zoona kuti madokotala akhala akugwiritsa ntchito amitraz pa mphere ya agalu kwa zaka zambiri, koma pa muyezo wa galu, osati wongoyerekeza ndi chivindikiro cha botolo. Akachuluka, galu amafooka, amangowodzera, mtima umagunda pang'onopang'ono, thupi n'kuzizira. Tiana ta galu tating'ono ndi tiagalu ta mtundu wa Chihuahua sitidibitsidwa nawo n'komwe, ndipo munthu wodwala shuga sayenera kuwagwira. Jekeseni wa ivermectin nayenso ali choncho. Botolo lomwe limapezeka paliponse ndi la ng'ombe ndi nkhumba, ndiye kuphonya pang'ono pokoka n'kokwanira kum'njenjemeretsa galu ndi kum'lepheretsa kuona. Agalu a mtundu wa Collie, ndi ena okhala ndi magazi a mtunduwo, amatha kufa ndi muyezo umene galu wina sangaumve n'komwe. Anyamata ena oyenda ndi chikwama m'makomboni, obaya agalu pa mtengo wotsika, sikelo alibe. Amangom'yang'ana galu n'kukoka.

Kum'fikitsa galu kwa dokotala mu Lusaka ndi nkhani payokha, poti m'minibasi sangakulole kukwera naye. Ife tinapempha aneba omwe ali ndi kagalimoto ka katundu, tinayala masaka kumbuyo. Malo opita alipo. Ku yunivesite ya UNZA pa Great East Road kuli sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel, yomwe ili ndi chipatala cholandira ziweto za anthu wamba. Kulinso bungwe la Lusaka Animal Welfare Society, maofesi a boma oona za ziweto, ndi zipatala za anthu paokha m'madera angapo. Ife tinapita kwa dokotala wina, mayi, wa kufupi ndi kwathu.

Asanam'gwire n'komwe galuyo anayamba ndi mafunso. "Bambo, kodi chinayamba n'chiyani, kukanda kapena kuthothoka? Ali ndi zaka zingati? Pali galu wina pakhomo? Amatuluka kunja kwa mpanda? Alipo m'nyumba amene akuyabwa? Mwam'paka chiyani?" Funso loyambalo ndi limene lanyamula nkhani yonse. Galu woyabwa amadzichotsa yekha ubweya ndi zikhadabo ndi mano, ndiye chofunika kuchipeza ndi chimene chikum'yabwitsa: tizilombo ta pakhungu, nthata, kapena thupi kudana ndi chinachake. Koma amene ubweya ukungoyoyoka iye ali phee, vuto lake limakhala m'mizu ya ubweya kapena m'kati mwa thupi. Njira ziwirizi zimapatukana pomwepo, ndipo mwini galu ndi yekhayo angayankhe, chifukwa ndi amene anaona chiyambi.

Kenako anatenga kampeni kakang'ono, anadonthezapo mafuta, n'kupala khungu m'mphepete mwa khutu ndi pachigongono mpaka kamagazi kataonekera pang'ono. Zopalazo anaziika pa kagalasi n'kuziyang'ana pa maikulosikopu. Sanapeze kanthu. Ataona nkhope yanga anaseka, n'kunena kuti zimenezo n'zachizolowezi. Kachilombo ka mphere yoyabwa, Sarcoptes scabiei, kamakumba tinjira m'khungu n'kumaikiramo mazira, ndipo tochepa chabe n'tokwanira kum'sowetsa galu mtendere, choncho nthawi zambiri mpeni umatiphonya. Anapinda khutu la Bingo n'kulitikita m'mphepete, pomwepo mwendo wakumbuyo unayamba kukanda m'malere wokha. Chizindikiro chimenecho, kuphatikiza malo amene ubweya unachoka ndi tiziphuphu ta mwana, zinawakwanira.

Anam'kweza pa sikelo, poti mankhwala a galu amayendera makilogalamu, n'kum'patsa piritsi lotafuna la gulu la mankhwala amene mumawapeza ndi mayina monga Bravecto, NexGard ndi Simparica. Loyambalo limagwira ntchito masabata 12, enawo mwezi umodzi, ndipo onse amapha nthata, nkhupakupa ndi tizilombo ta mphere. Mtengo wake umaluma, sindikubisirani, makamaka galu akakhala wathupi. Koma ndikayerekeza ndi kudibitsa sabata ndi sabata m'nyengo imene mipopi imauma ndipo madzi tikuchita kutunga m'zigubu, ine ndimaona kuti piritsi ndi labwino. Ngati galu wanu anagwapo khunyu, muwauze adokotala asanam'patse. Popeza zilonda zina za Bingo zinali zitayamba mafinya ndi kafungo, anawonjezera maantibayotiki a masabata angapo ndi shampu ya chlorhexidine, yomwe thovu lake liyenera kukhala pathupi mphindi 10 musanatsukuluze. Mphindi 10 ndi galu wonyowa wofuna kukagubuduka m'dothi ndi nthawi yaitali, khalani awiri.

Anatiuzanso kuti tibweretse galu wathu wamkazi, Chiko, ngakhale kuti sankakanda, chifukwa mphere imeneyi imapatsirana pongokhudzana kapena pogona malo amodzi. Masaka onse ogonera tinawatentha, khola tinalitsuka ndi madzi otentha ndi sopo n'kulisiya kuti liume padzuwa. Mwayi wake ndi wakuti tizilomboti tikachoka pathupi la galu timangokhala masiku ochepa. Za mwana anati tizilombo ta mphere ya agaluti timaluma munthu koma sitikhazikika pa iye, ndipo tiziphuphu timatha galu akachira. Tinapitabe naye ku kiliniki kuti akatsimikize kuti si mphere ya anthu, anam'patsa mafuta oziziritsa kuyabwa, zinatha.

Kukanda sikusiya tsiku lomwe mwapereka mankhwala, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kubwerera ku garaji. Tizilombo timakhala titafa, koma khungu likadali kulimbana ndi zotsalira zake. Masiku oyambawo amalume ankangondiyang'ana osanena kanthu. Kenako m'mawa wina tinazindikira kuti tagona osamva malata. Nkhanambo zinayoyoka, khungu la pazigongono linakhala lakuda ndi lokhuthala kwa kanthawi, ubweya n'kuyamba kumera wopyapyala, wotuwa, kenako unabwerera mtundu wake. Pofika Khirisimasi zigongono ndi mimba zinali zitatsekeka. Makutu ndi amene anachedwa.

Kuyambira pamenepo ndimati ndikaona galu wadazi ndimayamba ndayang'ana malo. Dazi likayambira pamsana chakumchira, n'kutsikira m'ntchafu, galu n'kumatembenuka kudziluma pamenepo, ganizirani nthata ngakhale simukuziona. Muimikeni pa pepala loyera lonyowa, mum'pese mobwerera. Tinyenyeswa takuda tikagwa n'kusungunuka mofiira, amenewo ndi magazi amene nthata zinayamwa. Agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu a nthata, moti kulumidwa kangapo kokha amadzikuta mpaka kusupula khungu, pamene mnzake wa khola lomwelo alibe vuto. Nthata yaikazi imatha kuikira mazira ofika 50 patsiku, ndipo mazirawo sakhala pa galu, amagwera m'fumbi, pansi pa khonde, m'ming'alu ya simenti, m'masaka. Akaswa, tiana take tina timakhala chibisalire miyezi tisanatuluke ngati nthata. N'chifukwa chake kum'sambitsa galu kokha sikuthetsa kanthu: pafunika kusesa, kuchapa zogonera, ndi kupereka mankhwala kwa ziweto zonse za pakhomo kwa miyezi ingapo motsatizana. Ngati muli ndi mphaka samalani, mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka. Ndipo galu akameza nthata podziluma amatenga njoka za m'mimba, ndiye mankhwala a njoka asatsale.

Dazi lozungulira, louma, la mfundumfundu, ubweya wake wothyokathyoka, losayabwa kwambiri, kawirikawiri kumaso, m'makutu kapena kumapazi, lingakhale chipere. Chimenechi si kachilombo koluma ayi, ndi fangasi, choncho piritsi lija la Bingo silichikhudza. Chimapatsirana ndi ana mosavuta, ndipo nthawi zambiri chimalowa pakhomo ndi kamphaka kotola, komwe kamatha kuchinyamula popanda kuonetsa dazi lililonse. Adokotala amaunika ndi nyale yapadera m'chipinda cha mdima, koma si mitundu yonse imene imawala, ndiye nthawi zina amazula ubweya n'kukaumeretsa ku labu, zotsatira n'kubwera patapita masabata awiri kapena atatu. Kuchiza kwake kumafuna kupirira, masabata 6 kapena kupitirira, ndi shampu, mafuta opaka, mwinanso mapiritsi. Njere zake zimakhala zamoyo m'mabulangete ndi m'makapeti miyezi yambiri. Valani magulovu, kolopani ndi Jik wosungunula, koma Jik wa pansi, osati wa pagalu.

Pali zina zomwe ndi zathuzathu kuno. Nsonga za makutu zikadyeka n'kuchita nkhanambo zakuda za magazi ouma, makamaka pa agalu a makutu oima monga German Shepherd, zimenezo ndi ntchentche zoluma. Zimachuluka pomwe pali khola la nkhuku, dzenje la zinyalala kapena ndowe pafupi. Kusiyana kwake ndi mphere n'kwakuti zimakhala kunsonga kokha, thupi lonse lili bwino. Mafuta othamangitsa ntchentche alipo m'mashopu a ziweto, koma osachotsa zonyansazo muzingopaka chaka chonse. Mvula ikayamba kumabwera mphutsi za putsi, zomwe zimatichititsa kusita ngakhale zovala zam'kati. Ntchentche yake imaikira mazira m'dothi la pamthunzi lonunkha mkodzo, pomwe agalu amakonda kugona, ndipo kamphutsi kamaboola khungu n'kumakulira m'menemo. Pamatuluka chotupa chokhala ndi kabowo pakati, galu amanyambita mpaka ubweya wozungulira kutha. Kupaka Vaseline pakabowopo kumakatsekera mpweya, kamasuzumira, mukatero mukafinye pang'onopang'ono kuti katuluke kathunthu, kenako mutsuke bala. Kamwana ka galu kamatha kukhala nazo zambirimbiri kumimba ndi kumapazi, koteroko pitani nako kwa adokotala. Dazi la m'khosi nthawi zambiri ndi tcheni kapena waya, ndipo la pazigongono lolimba losayabwa, pa agalu olemera monga Boerboel, ndi la kugona pa simenti. Izi mankhwala ake ndi lamba wofewa ndi pogona pofewa.

Chiko zake zinabwera chaka china, ataswa. Tiana titapitirira mwezi, ubweya wake unayamba kuyoyoka m'mbali zonse ziwiri, ukam'sisita n'kutsalira m'manja. Sankakanda, khungu linali loyera lopanda chilonda. Adokotala anapalabe, sanapeze kanthu, n'kunena kuti agalu ambiri aakazi amatero pakapita mwezi umodzi mpaka itatu ataswa, ubweya wakale umachokera pamodzi kenako watsopano n'kumera. Koma anam'gwiranso m'nthiti n'kufunsa chimene amadya. Agalu ambiri mu Lusaka amakhalira nsima yotsala ndi msuzi, ndipo galu wongolondera pakhomo amatha kupirira nazo. Woyamwitsa sangathe. Amafuna chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu, ndipo ubweya pafupifupi wonse umapangidwa ndi mapulotini, omwe thupi likaperewera limayamba lawatumiza ku mkaka. Kuyembekeza ubweya wonyezimira pa galu wodya nsima yokha kuli ngati kuyembekeza nkhokwe yodzaza kuchokera m'munda wosathira kanthu.

Sitinagule chakudya cha m'mapaketi chokhachokha, thumba silikanalola. Tinkatenga zinyenyeswa za kapenta zotsika mtengo ku Soweto Market, kuziviika kuti mchere uchoke, n'kuphika pamodzi ndi ufa. Tinkawonjezera sawdust wa ku butchala (zinyenyeswa za nyama ndi mafupa zogwa pa makina odulira nyama) wophika bwino, matumbo ndi mitu ya nkhuku, dzira lowiritsa masiku ena, dzungu, ndi kasipuni ka mafuta ophikira. Anamwanso mankhwala a njoka pamodzi ndi ana ake. Zotsala za patebulo muzisankha, chifukwa anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu zikachuluka, ndipo mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kukabaya m'matumbo. Tiana titaleka kuyamwa, Chiko anabwerera mwakale popanda jekeseni ngakhale mmodzi.

Mwa tiana timeneto tinasungako kamodzi, ndipo ndi kamene kanandiphunzitsa zambiri. Katafika miyezi inayi kanachita kadazi kozungulira diso limodzi ndi kena pa mwendo wakutsogolo. Sikankakanda, kankangosewera. Ulendo uno mpeni sunaphonye, ndipo adokotala anandiitana kuti ndisuzumire ndekha pa maikulosikopu: tizilombo tatitali, toonda, timiyendo tafupitafupi chakumutu. Amenewa ndi Demodex. Amakhala m'mizu ya ubweya wa pafupifupi galu aliyense, ndipo kamwana kamawatenga kwa mayi wake m'masiku oyamba kakuyamwa. Amangochuluka chitetezo cha thupi chikakhala chofooka, monga pa kagalu kamene kakukula, kodwala njoka kapena kosadya mokwanira. Sapatsira munthu, ndipo galu wamkulu wathanzi sangawatenge pongosewera naye. Adokotala anati, "Bambo, apa musapake chilichonse. Muzikadyetsa bwino, mukaone pakatha mwezi. Madazi akachuluka kapena akafika kumapazi, mubwere msanga." Anatseka okha.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu amalumbira kuti oyilo amachiritsa. Kagalu koteroka ukakapaka oyilo, n'kupulumuka, patapita mwezi umodzi kapena iwiri ubweya umamera monga ukanamerera, ulemu n'kupita kwa oyilo. Amene anafa nawo palibe amawawerenga.

Demodex ali ndi nkhope inanso yoipa. Akafalikira thupi lonse khungu limafiira, limatupa, limatuluka mafinya, mapazi n'kufufuma, fungo lake n'kumveka uli patali. Woteroyo amafuna mapiritsi a gulu lija kwa miyezi ingapo, mpaka atapalidwa kawiri, motalikirana mwezi, osapezeka kanthu, ndipo madokotala amalangiza kuti asabereketsedwe chifukwa kufookako kumayenda m'magazi. Chimene chimakulitsa vutoli kwambiri ndi mafuta ndi mapiritsi a steroid. Timachubu ta betamethasone tili mbwee m'misika, tomwe ena amayeretsera nkhope, ndipo munthu akaona kuti tachepetsa kufiira amapitiriza. Mankhwala amenewa amagonetsa chitetezo cha khungu, ndiye Demodex ndi chipere zimapeza mpata. Galu wamkulu msinkhu akapezeka ndi Demodex mwadzidzidzi, adokotala amafufuza matenda ena obisika amene afooketsa thupi.

Galu wachikulire akamathothoka mofanana mbali zonse ziwiri, osakanda, mutu ndi miyendo zili bwino koma m'mbali ndi kumchira kukupita, vuto limatha kukhala la m'kati. Chithokomiro chikafooka galu amanenepa osadya kwambiri, amachita ulesi, amazizidwa mu June ndi July kuposa anzake, mchira n'kutsala wopanda ubweya. Matenda a Cushing amam'mwetsa madzi ambiri, amakodza pafupipafupi, mimba imalendewera, khungu n'kupyapyala. Izi shampu sizithandiza, zimafuna kuyeza magazi. Ndiye pali agalu ena, makamaka a mitundu yochokera kunja, amene thupi lawo limadana ndi fumbi, udzu kapena chakudya china: amanyambita mapazi, makutu amadwala kawirikawiri, zimachepa n'kubwereranso. Amenewa sachira kamodzin'kamodzi, amangosamalidwa.

Mukaganiza zopita kwa adokotala, musam'sambitse galu kapena kum'paka kanthu masiku angapo musanapite, chifukwa mumafufuta zimene akufuna kuona. Jambulani madaziwo pafoni sabata iliyonse, pamalo owala, kuti muzidziwa ngati akukula kapena akutseka, poti diso loona tsiku lililonse limanama. Ngati mwam'patsa kale china chake, tengani botolo lake, ndipo nenani zoona ngakhale ndi dibi. Tengani khadi la katemera wa chiwewe, ngati nthawi yadutsa abayiretu tsiku lomwelo. Koma galu wothothoka ubweya akasiyanso kudya, nkhama zikayera mbuu, mkodzo ukada kapena kufiira, makamaka m'nyengo ya mvula pomwe nkhupakupa zachuluka, imeneyo si nkhani ya khungu ayi. Akhoza kukhala matenda a nkhupakupa a m'magazi, ndipo amapha m'masiku ochepa. Musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Mankhwala a anthu ochepetsa ululu monga ibuprofen musam'patse, amaboola chifu ndi kuwononga impso.

Komwe Bingo anatenga mphere tinakupeza mochedwerapo. Kuseri kwa nyumba, pomwe ngalande imadutsa pansi pa mpanda, madzi anali atakumba mpata, ndipo usiku ankatulukira pomwepo kukacheza ndi agalu a mumsewu, omwe awiri mwa iwo anali ndi makutu odyeka chimodzimodzi. Tinatseka ndi njerwa ndi waya. Mmodzi mwa agaluwo anali wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndiye ndinapita kukalankhula ndi bambo a pamenepo, ndinawauza dzina la piritsi ndi komwe tinapita, poti ana awo ndi athu amasewera limodzi. Winayo analibe mwini. Masiku ano agalu athu onse amalandira piritsi tsiku limodzi, kumapeto kwa October mvula isanagwe, n'kubwerezanso nthawi yake ikakwana mpaka dzinja litatha, ndipo masaka ogonera timawasintha mwezi uliwonse.